Snook, nsomba yomwe inawayankhulitsa bambo anga ku Mzuzu

## Kabuku ka pa lona

Kabukuko ndinakagula chifukwa kanali kotchipa basi. Ndimachokera kuntchito, ndadutsa mumsika waukulu mtauni muja kuti ndigule tomato ndi bonya, nde pali mnyamata wina amayala mabuku akale pa lona, ena opanda zikuto, ena olembedwa mayina a ana akunja omwe sitidzawaonako. Ndinatola kamodzi kopyapyala ka word search, masewera aja amakupatsa bokosi lodzadza zilembo zosakanikirana iwe nkumafufuza mawu omwe abisidwamo, ena ogona, ena oimirira, ena opendekera, enanso olembedwa chobwerera mmbuyo. Masamba oyambirira anali atazungulizidwa kale ndi bolopeni yofiira, mwini wake woyamba anatopera panjira, koma kuyambira chapakati mpaka kumapeto kunali koyera. Ndinati kameneka kamuthandiza mtsikana wanga spelling, ali Sitandade 6 ndipo Chingerezi kuyankhula amayesetsa koma kulemba ndi kumene kumamugwetsa.

Nthawi imeneyo bambo anga anali kwathu kuno ku Chibavi. Anabwera kuchokera ku Nkhotakota kumapeto kwa Meyi chifukwa cha maso ndi BP, adokotala anati azionedwa pafupipafupi, nde pachibale tinagwirizana kuti akhale ndi ine miyezi itatu mmalo momangokwera minibasi uku ndi uku. Inu amene mumaudziwa Mzuzu wa Juni ndi Julayi mwaona kale chomwe tinawaitanira. Munthu wakhala moyo wake wonse kunyanja, wozolowera kugona chitseko chili pululu chifukwa cha kutentha, nde umubweretse kumtunda kuno komwe mmawa chifunga chimatseka mpaka nyumba ya aneba osaiona, mvula yamawawa tsiku lonse, zovala pachingwe masiku atatu osauma.

Anangoti zii. Bambo omwe ndimawadziwa ine ndi ankhani, munthu woti akayamba kufotokoza za mwera womwe unawapeza pakati pa nyanja nsima imazizira mmbale aliyense kukamwa kuli yasa. Koma kuno amadzuka, kuvala majuzi awiri ndi chipewa chaulusi, kukhala pafupi ndi mbaula manja atawayanika pamwamba pa makala, tsiku latha. Ukawafunsa mwadzuka bwanji bambo, "ndadzuka mayi", basi zathera pompo. Chakudya amangotsina pang'ono nkukankha mbale. Ndinayamba kuopa kuti mwina pali matenda ena omwe akubisa, usiku ndimadzuka kukaima pakhomo pa chipinda chawo kumvetsera ngati akupuma.

## Usiku womwe magetsi anazima

Linali Lachinayi mu Julayi, magetsi anazima dzuwa litangolowa. Tinali tonse atatu pabalaza, mbaula pakati, zenera nditalitsegula pang'ono chifukwa makala mnyumba yotseka amapha. Mtsikana wagona chafufumimba pamkeka, foni yanga wayiimika mukapu kuti tochi iziwalira pakabuku, pensulo ili mkamwa. Tsamba lomwe anafikapo linali ndi chithunzi cha nsomba yayitali, mutu wosongoka, chibwano chapansi chotulukira kutsogolo kuposa chapamwamba, ndi mzere wakuda bii kuchoka kuseri kwa mutu mpaka kumchira ngati wina wachita kuyikapo rula. Pansi pa bokosi panali mawu oti awapeze, snook, mangrove, estuary, tide, brackish, spawn, gill, inlet, Florida ndi ena angapo.

Tide ndi gill anawapeza mosavuta. Snook ndi amene anamuzunguza, anali atalembedwa chopendekera komanso chobwerera, K pamwamba S pansi. Ndimamuona akuyendetsa pensulo mzere ndi mzere nkuyambiranso, kenako anasintha nzeru, anasiya kufufuza S chifukwa ma S anali mbwee, nkuyamba kusaka pomwe pali ma O awiri oyandikana. Atawapeza anadzuka nkukuwa, "Amayi ndaipeza!" Anazunguliza bwinobwino, nkukhala kaye chete, kenako, "koma snook ndi chani?" Ndinati ndi nsomba yajambulidwayo. "Nde imapezeka ku Nkhata Bay?"

Ndisanayankhe ndinangomva mawu kuchokera ku mbaula kuja. "Tabwera nayo kuno mkazi wanga ndiione." Umo ndi mmene amamutchulira mdzukulu wawoyo kuyambira ali wakhanda, koma ndinali ndisanawamve akunena choncho chibwerereni. Anatenga kabuku nkukayandikitsa ku diso lomwe limaonako bwino, mtsikana atawagwirira tochi, ndipo anayang'ana nthawi yayitali ndithu. Chala chawo chija cha zipsera za zingwe za ukonde chinatsata mzere wakudawo kuchoka kumutu mpaka kumchira, nkubwereranso kukamwa.

"Iyi si ya nyanja yathu ayi," anatero. "Koma ndi mlenje ameneyu. Taonani kamwali, imadya zinzake, imachokera chapansi nkumeza. Yatengako mcheni, koma mcheni alibe mzere otere, komanso iyi yanenepa pamsana. Mayi, tafunsani foni yanuyo kuti kwawo nkuti ndipo imaswana bwanji."

Mawu amenewo anali ambiri kuposa onse omwe anayankhula sabata yonse ija kuphatikiza. Ndinali ndi kabandulo komwe ndimasungira za kuntchito, ndinakamaliza usiku omwewo ndipo sindinadandaule.

## Ine ndikuwerenga, iwo akuyankha

Tinachita chonchi, ine ndimawerenga Chingerezi nkumasulira, mtsikana amalemba kumbuyo kwa kabuku, bambo amaweruza. Pali zina amangoti "eya", pali zina amandiimitsa kuti bwerezani.

Snook ndi nsomba ya m'nyanja yamchere ya Atlantic mbali ya ku America, kuyambira ku Florida, Gulf of Mexico, zilumba za Caribbean mpaka kukafika ku Brazil. Asayansi amaitcha Centropomus undecimalis, olankhula Chisipanishi amati robalo. Siyikonda pakati pa nyanja, imakhala mmbali, makamaka pomwe mtsinje ukuthira m'nyanja, madzi abwino ndi amchere asakanikirana. Apa ndi pomwe mawu awiri omwe mwana anawazunguliza osawadziwa aja anapeza tanthauzo, estuary ndi malowo, brackish ndi madzi osakanikiranawo. Ndipo imatha kukwera mtsinje nkukakhala mmadzi opanda mchere olo pang'ono, kenako nkubwerera. Bambo anati "ngati mpasa", mtsikana nkufunsa kuti mpasa ndi chani, koma nkhani imeneyo ndibwereranso.

Zinawakhudza kwambiri ndi za kaswanidwe. Miyezi yotentha ma snook akuluakulu amasonkhana pa matsiriro a mitsinje ndi timipata tolowera m'nyanja, amathira mazira mmadzi amchere nkuchokapo, osayang'ananso mmbuyo. Tiana timatengedwa ndi madzi akamasefukira kumtunda, tide uja, mpaka tikalowe mmizu ya mitengo yotchedwa mangrove, mitengo yomera mmatope a madzi amchere yomwe mizu yake imaima pamtunda ngati miyendo yambirimbiri yolukana. Mmenemo nsomba zazikulu sizingalowe, tianato timakuliramo. Bambo anapukusa mutu, anati chambo sichingapange zimenezo, chachimuna chimakumba chisa pamchenga chozungulira ngati beseni, chachikazi chimatola mazira nkuwasunga mkamwa osadya mpaka aswe, ndipo olo ataswa pakabwera choopsa tiana timathawira mkamwa mwa mayi. "Nde iyi mayi wake ndi mitengoyo," anatero. Kenako anawonjezera kuti ndi zomwezo ndi bango kwathu, kasawala amakulira mmabango, koma anthu akuwatchetcha kuti gombe lioneke loyera.

Pomwe mtsikana anagwetsa pensulo ndi pomwe ndinawerenga kuti snook imayamba moyo ili yaimuna, zikakula zambiri zimasintha nkukhala zazikazi. Anandiuza kuti ndamasulira molakwika, anatenga foni kuwerenga yekha. Ndi zoona, nchifukwa chake zazikulu kwambiri pafupifupi zonse ndi zazikazi. Ina yomwe inagwidwa ndi mbedza ku Costa Rica mu 1978 inalemera makilogalamu 24 ndi pang'ono, bambo anatambasula manja kuyerekeza nkunena kuti ameneyo ndi bombe wathu wamkulu ndithu.

Ndipo malamulo a ku Florida anawamanga pa chimenechi. Kugulitsa snook kunaletsedwa kuyambira 1957, sungaipeze pamsika, ukaifuna ukawedze wekha. Ukawedzanso umaloledwa imodzi patsiku, nyengo yake ikakhala yotsegula, ndipo ikhale yotalika kuyambira masentimita 71 koma osapitirira 81 kapena 84 kutengera dera. Yaying'ono umabweza, yayikulu kwambiri umabwezanso. Bambo poyamba anaseka, msodzi wanji wobweza nsomba yayikulu mmadzi, koma atalumikiza ndi zija zoti zazikulu ndi zomwe zili ndi mazira anasiya kuseka. Anati ku Mbenji ku Salima mafumu akhala akutseka chilumba miyezi yamvula kuyambira kalekale ndipo palibe amene amayerekeza kuponyako ukonde, nzeru yake ndi yomweyo, kungoti kwina konseku nyengo yotseka ikafika mu Novembala anthu amangodikira kuti kude.

## Achimwene aku Cape Town analowererapo

Mtsikana anajambula tsamba lija nkuwatumizira amalume ake pa WhatsApp. Mmawa tinapeza voice note yayitali, achimwene akuti aaa imeneyo timadya daily kuno, snoek, amagulitsa pagalimoto mmbali mwa msewu, timaotcha pamakala ena amapaka jamu wa apricot. Bambo anamvetsera kawiri nkuti auzeni atumize chithunzi. Chitabwera anangoyang'ana kamodzi, "si imeneyi." Ndipo amanena zoona. Snoek ya ku Cape Town ndi nsomba ina, Thyrsites atun, yayitali yowonda, mano akuthwa, minga yayitali thoo, ndipo imakonda madzi ozizira. Chomwe zikufanana ndi dzina, onse awiri anachokera ku mawu a Chidatchi oti snoek, dzina la nsomba ina ya mmitsinje ya ku Ulaya. Adatchi kulikonse komwe amafika akaona nsomba yayitali ya mutu wosongoka amaipatsa dzina la kwawo. Achimwene mpaka lero sanavomere, koma bambo tsiku limenelo anadya phala lonse akufotokoza kusiyana kwa zipsepse za nsomba ziwirizo.

## Januwale wa 2010

Chomwe sichikundichoka mmutu chinachitika usiku wachiwiri. Magetsi analipo koma tinakhalabe pa mbaula. Ndinapeza nkhani yoti mdani wamkulu wa snook si msodzi, ndi kuzizira. Mu Januwale 2010 ku Florida kunazizira modabwitsa masiku ambiri motsatizana, madzi a mmagombe anazizira kwambiri ndipo ma snook ankhaninkhani anafa, amangoyandama mimba zili mmwamba mmitsinje ndi mmadooko. Boma lawo linatseka usodzi wa nsombayi, ndipo mbali ya Gulf of Mexico sanatsegulenso mpaka Seputembala 2013. Madzi akatsika kufika cha mmadigiri 10 snook siyipirira.

Mtsikana anafunsa kuti madigiri 10 ndi kuzizira bwanji, ndinati ngati panja pano usiku uno, mwinanso panja pano pakuposa. Bambo anali chete akuyang'ana makala. Kenako anati, "Koma siyifa tsiku lomwelo. Imayamba yasiya kudya, eti? Kenako imangokhala malo amodzi osayenda."

Ndinayang'ana pafoni. Zinalembedwa choncho ndendende, madzi akayamba kuzizira imasiya kudya, imafooka, imangoima pamodzi mpaka munthu kutha kuigwira ndi manja. Ndinawauza kuti eya bambo, ndi mmene alembera. Anagwedeza mutu nkubweza manja awo pamwamba pa mbaula. Pambali pawo panali mbale ya nsima yomwe anangoitsina mbali imodzi.

Sananene china ndipo ine sindinafunse. Koma usiku umenewo sindinagone. Miyezi iwiri ndimathamanga ndi mapepala a kuchipatala, kuwerenga mapilitsi, kuchepetsa mchere mndiwo, kugula juzi ina, ndimaona ngati ndikusamalira bambo anga mokwanira. Koma munthuyu tinamuzula. Nyanja yathu madzi ake amakhala ofunda kupitirira madigiri 20 chaka chonse, iye wakhala akuwagwira ndi manja mmawa uliwonse kuyambira ali mnyamata, nde tamukweza mamita pafupifupi 800 nkumukhazika pampando pakati pa anthu omwe palibe olo mmodzi angamufunse kuti lero mphepo ikuchokera kuti. Kuchipatala amamufunsa za maso. Ine ndimamufunsa ngati wamwa mankhwala. Za chinthu chomwe amachidziwa kuposa tonsefe panalibe womufunsa, mpaka mwana anabwera ndi chithunzi cha nsomba ya ku America.

## Loweruka tinatsetsereka

Nkhata Bay ili pafupi, makilomita osakwana 50, ndipo zimandipweteka kuti sindinaganize msanga. Tinakwera galimoto mmawa chifunga chili tolo, bambo atavala majuzi awo awiri. Titadutsa Mpamba anavula imodzi. Titafika pa boma anavula inayo nkundipatsa kuti ndiike mchikwama, chipewa chaulusi nkulowa mthumba.

Anapita molunjika kumadzi, anapinda thalauza nkuima mmenemo mpaka mmawondo, osayankhula, ife tikuwadikira pamchenga. Kenako anayenda kupita pomwe anyamata amasoka chilimira, ndipo pasanathe mphindi khumi anali atakhala pa bwato logadabuzika, singano ya ukonde ili mmanja, akukambirana nawo Chichewa chosakaniza ndi Chitonga za usipa wa chaka chino ndi mwera. Maso omwe amalephera kuwerenga mapepala a mankhwala aja, mfundo za ukonde manja amangomanga okha.

Tinagula chambo chimodzi ndi batala. Tisanapereke kuti atikonzere, bambo anamuitana mdzukulu wawo, anagoneka chambo pa thabwa nkuloza ndi chikhadabo. "Mzere wa nsomba yako ija nayi, nayenso ali nawo, kungoti sanaupake utoto." Mwana anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda mamba. Unalipo ndithu, timabowo ting'onoting'ono totsatana pa mamba, kuchoka kuseri kwa mutu kuyenda chakumtunda kwa msana, nkuduka, kenako wina nkuyambira chapansi pang'ono mpaka kumchira. Pa chambo ndi abale ake mzerewu umakhala woduka pawiri chonchi, pa snook ndi umodzi wosaduka. Ndi umene nsomba imamvera kugwedezeka kwa madzi, kaya kukubwera mdani kaya kakudutsa kansomba koti idye, olo kuli mdima. Bambo anati nchifukwa chake mubwato sumenyetsa nkhafi ukayandikira pomwe pali nsomba, imakumva ndi nthiti. Ine ndapala mamba a chambo zaka zonsezi koma mzere umenewo ndinauona koyamba tsiku limenelo.

Anadya kondowole ndi batala mpaka kupempha mtanda wina.

## Bokosi lathulathu

Tikubwerera mtsikana anafunsa funso lomwe linandilasa, "Amayi, bwanji mkabuku muja mulibe chambo?" Ndinati chifukwa analembera ana a ku Florida. "Nanga ka ana a kuno kali kuti?"

Apa ndinene maganizo anga. Word search payokha siphunzitsa zambiri, mwana akhoza kuzunguliza estuary bwinobwino nkutseka buku osadziwa kuti wazunguliza chani, mwini wake woyamba wa bolopeni yofiira uja mwina ndi zomwe anachita. Imagwira ntchito pamene mwana wadzutsa mutu nkufunsa kuti ichi ndi chani, ndipo pali munthu pafupi woti ayankhe kapena afufuze naye. Koma chinandiwawa ndi ichi, anthu aja anaona kuti nsomba yawo imodzi ndi yofunika mpaka kuipangira tsamba lonse kuti ana awo akule akuidziwa, pomwe ife tili ndi nyanja yokhala ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi abwino padziko lapansi, ndipo mwana wanga, mdzukulu wa msodzi, atauzidwa kuti atchule nsomba za kwathu anatchula chambo, usipa, bonya, kampango, nkuima. Za snook anali atadziwa kale komwe imaswanira ndi madigiri omwe imafera. Mpasa anali asanamvepo.

Lamulungu masana anang'amba pepala pakati pa kope la masamu, lija la timabokosi, nkujambula bokosi la 10 kwa 10. Agogo ake azitchula, iye azilemba. Ndipo mayina anayamba kutuluka ngati atsegula mpopi, mpasa, sanjika, ntchila, utaka, mcheni, mbaba, kambuzi, mlamba, bombe, ningwi, kadyakolo, nkholokolo. Nkholokolo inakwana ndendende mzere wonse, zilembo 10, mwana anasangalala ngati wawina mpikisano. Kenako agogo anati chisawasawa, anawerenga pa zala, 11, bokosi lachepa. Anayesa kuwanyengerera kuti imeneyo tiyisiye, iwo anakana, "ukasiya chifukwa dzina latalika nde mawa adzati kunalibe." Anafufuta malire nkuwonjezera mizere iwiri mbali zonse.

Chinatenga nthawi si kulemba, ndi nkhani zomwe dzina lililonse limabwera nazo. Pa nkholokolo anamuonetsa chipsera cha pachikhatho pomwe munga wake unawabaya akuyichotsa mu matchera. Pa mpasa anakhala nthawi yayitali. Anafotokoza mmene imachokera m'nyanja nkukwera mtsinje wa Bua kukaswana pamiyala, mmene ali anyamata amaiwonera ikulimbana ndi madzi othamanga, mafuta ake ukaiwamba akudontha pamoto, ndi mmene anthu anayamba kutchinga mtsinje wonse ndi maukonde ndi miono, ena mpaka kuthira mankhwala, osasiyako njira yoti zina zidutse. Mtsikana anati nde ndi chimodzimodzi snook, imayenda pakati pa nyanja ndi mtsinje. Agogo anati eya koma mosemphana, yako ija imatsikira kunyanja kukaswana, yathuyi imakwera.

Pa ntchila mawu awo anatsika. Anati kale inali nsomba ya aliyense, imadzadza mabwato, lero mwana wa ku Nkhotakota akhoza kukula mpaka kukwatira osaiona. Ndinayang'ana pafoni kuti ndione ngati ndi kukula kokha kukuwayankhulitsa, koma ayi. Mu 2018 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN litaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanja ya Malawi linapeza kuti 9 pa 100 iliyonse ili pachiopsezo chachikulu chotha, ndipo mitundu itatu ya chambo ili mgulu la zomwe zatsala pang'ono kutheratu. Nditawamasulira sanadabwe, anangoti "amachita kuwerengera, ife timaona mu ukonde."

Mipata yotsala mwana anaidzadza ndi zilembo zosokoneza, ndipo anachenjera, pafupi ndi mpasa anaikapo mpas kenako O, pafupi ndi utaka anaika uta kawiri, kuti wofufuza avutike ngati mmene iye anavutikira ndi snook. Lolemba anapita nalo kusukulu. Anabwera akuti anzake a Chitumbuka akuti mutu wake ukhale somba osati nsomba, wina wa ku Karonga watchula mayina omwe kwathu sitiwadziwa, ndipo anzake atatu akopera mmakope awo.

## Atabwerera

Masabata otsalawo tinatsetsereka ku Nkhata Bay kawiri, ndalama zinali zovuta koma ndinachotsa pa zina. Mkati mwa sabata madzulo aliwonse kunali sukulu pa mbaula, tsamba limodzi la kabuku kaja kenako bokosi limodzi la Chichewa, lina la zida za usodzi, lina la mphepo za panyanja, mwera, mpoto, vuma. Mbale zinayamba kubwerera kukhitchini zopanda kanthu. Kumapeto kwa Ogasiti adokotala atawalola anabwerera kwawo, majuzi awiri aja anawasiya pa bedi atawapinda, anati akadzabweranso adzawapeza.

Panopa amaimba Lamulungu lililonse madzulo pa foni ya mlongo wanga wamng'ono, ndipo akandipatsa moni amangoti mpatseni mkazi wanga. Ndimawamva akukangana za spelling, iwo sukulu sanapite nayo patali nde amatchula pang'onopang'ono mwana nkumasankha yekha zilembo. Tsamba la snook lija analidula nkulimata mkati mwa chikuto cha kope, moyang'anizana ndi bokosi lake loyamba. Pa mayina onse a mbokosimo wayika kachizindikiro pa nsomba zomwe waziona ndi maso ake, zatsala zitatu, sanjika, mpasa ndi ntchila. Lamulungu lapitali agogo ake amuuza kuti holide ya Disembala apite ku Nkhotakota, ziwirizo akamufunira kwa anzawo a ku Bua olo zowamba, koma ya ntchila anati asamulonjeze. Mwana anati chabwino, nkufunsa ngati angapite ndi kope.